Mlendo, Namwali ndi Wolakwa: Mbiri ya Mau Ochulira Munthu Woyesedwa

Womasulira m'khoti akamva woweruza akugamula kuti wolakwa aikidwe pa "probation", amakhala pa mphambano. Akanena kuti "mwamasulidwa", wolakwayo abwerera kwao poganiza kuti mlandu watha, cikhalireco lamulo limati akaphwanya malangizo amene wapatsidwa angathe kuitanidwanso ndi kulangidwa pa mlandu womwe uja. Akanena kuti "mwamangidwa", wanama, pakuti munthuyo sapita kundende. M'nkhani ino tilondola kumene liuli linacokera, ndi kuona mau amene Cinyanja cinali nao kale ochulira munthu amene sanalandiridwe kotheratu koma sanakanidwenso.

Muzu wa liuli ndi mneni wa Cilatini "probare", kutanthauza kuyesa cinthu kuti ubwino wake uoneke. Poyamba munalibe ganizo la mlandu m'menemo. Malamulo a Benedict, olembedwa m'zaka za m'ma 500, anati wofuna kulowa m'nyumba ya amonke adikire masiku angapo pakhomo, kenaka akhale caka cathunthu m'manja mwa mkulu asanalumbire. Wotereyu ankachedwa "novicius", liu limene Aroma ankachulira nalo kapolo wogwidwa kumene. Agiriki anafanizira munthu wotere ndi mbande: liu lao "neophytos", lopezeka pa 1 Timoteo 3:6, litanthauza cobzalidwa catsopano. M'Cingerezi, "probationer" anali mlaliki wa mpingo wa ku Scotland amene waloledwa kulalika koma sanadzozedwe, ndiponso mtsikana wophunzira unamwino pa sukulu imene Florence Nightingale anatsegula pa cipatala ca St Thomas' ku London mu 1860.

Tanthauzo la kukhoti linadza mocedwa. Mu 1841 John Augustus, wosoka nsapato wa ku Boston, anapempha woweruza kuti ampatse cidakwa cina m'malo mocitsekera, nalonjeza kucibweza patapita masabata atatu. Munthuyo anabwera atasiya mowa, ndipo anangolipitsidwa senti imodzi pamodzi ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Pomwalira mu 1859, Augustus anali ataimira anthu pafupifupi 2,000. Boma la Massachusetts linakhazikitsa lamulo la dongosololi mu 1878. Ku England kunabwera lamulo la olakwa koyamba mu 1887, ndi lina lokulirapo mu 1907 limene linapatsa woyang'anira nchito yolangiza, kuthandiza ndi kukhala bwenzi la wolakwayo. Ku Northern Rhodesia lamulo lotere linalembedwa mu 1953. Lamulo linafika, koma liu lake linakhalabe m'Cingerezi.

Sikuti makolo athu analibe ganizo limeneli. Cinyanja cimasiyanitsa mlendo ndi wobwera. Mlendo ndi mame, utero mwambi. Amamphera nkhuku cifukwa mawa apita. Wobwera wadza kudzakhala, wapempha malo kwa mfumu, ndipo dzinali limamkakamira ngakhale atamanga nkhokwe zitatu, nthawi zina nkufikira ana ake. Namwali ndiye wophunzira weniweni wa mwambo. Liuli silinena mtsikana wotha msinkhu yekha, pakuti mnyamata wolowa ku dambwe la Nyau nayenso ndi namwali. Namwali sayenda yekha: namkungwi amamlangiza, phungu amamsunga, kumperekeza ndi kumyankhira akalakwa. Apa pali zonse zimene Benedict analamula, ndiko kuti nthawi yoikika, mkulu woyang'anira, ndi tsiku lotuluka ali munthu wina.

Koma woyesedwa woposa onse pakati pa Acewa ndi mkamwini. Iye amasiya mudzi wa amai ake nakakhala kwa mkazi, kumene amalima munda wa apongozi, kumanga nyumba ndi kusunga pakamwa pake, maso a mbumba yonse ali pa iye. Akaonetsa khalidwe angapemphe citengwa, napita ndi mkazi kwao. Akalephera amamlongedzera katundu. Amene amamyankhira ndi ankhoswe, ndipo tikayang'anitsitsa tiona kuti zimene Augustus anacita m'khoti la ku Boston unali unkhoswe basi. Kusiyana kwake nkwakuti nthawi ya mkamwini ilibe malire odziwika, cinthu cimene amuna ambiri akhala akudandaula naco pa mowa.

Amishoni ndiwo anakhazika mlendo ndi wolakwa pa mpando umodzi. Mpingo wa Dutch Reformed utafika ku Magwero mu 1899, wofuna ubatizo ankayamba walowa kalasi, ndipo anthu anangoti "a kalasi", liu lobwereka lija litalandira tanthauzo limene eni ake sanalipatse. Ansembe a White Fathers ankasunga akatekumeni ao zaka zinai. Mkhristu wogwa m'cigololo kapena wobwerera ku Nyau ankadulidwa, ndipo wodulidwa pofuna kubwerera ankalangizidwanso ndi kupenyetsetsedwa ndi akulu a mpingo monga woyamba kumene. Motero mpingo unayenda njira imene liu la Cingerezi linayenda, koma unatero ndi mau awiri osiyana.

Ku migodi kunacokera mau ena, ambiri onyoza. Wofika kumene ankachedwa mafikizolo, kucokera ku Cizulu, ndiko kunena wofika dzulo. Wonyamulira mzungu zitsulo anali sipanala boyi, ngakhale akhale ndi imvi. Tisadabwe kuti palibe liu limodzi lofanana ndi "apprentice", pakuti kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 lamulo la ku Northern Rhodesia silinalole munthu wakuda kulembedwa monga wophunzira nchito za umisiri wotere. Cilankhulo sicikanapanga dzina la udindo umene eni cilankhuloco anamanidwa. Mau a cilango okha ndiwo anakhazikika msanga: jele, belo, ndi mkaidi, limene lifanana ndi "qaidi" la Cihindi, locokera ku liu la Ciarabu lonena unyolo.

Nanga womasulira uja anene ciani? Liu lakuti "woyesedwa" lilondola Cilatini bwino, koma m'makutu a munthu wamba limakumbutsa mayesero a Satana kapena mayeso a kusukulu. Mau akuti "woyang'aniridwa ndi khoti" ndi atali, komabe ndiwo tiwakonda, cifukwa amauza wolakwa zinthu ziwiri zimene ayenera kudziwa: kuti ali panja, ndi kuti khoti silinamsiye. Za woyang'anirayo, amene muno m'Zambia amacokera ku dipatimenti yoona za cisamaliro ca anthu, liu lakuti phungu likanamuyenera, koma ku Malawi linatengedwa kale ndi aphungu a nyumba ya malamulo, ndipo mabuku athu amawerengedwa mbali zonse ziwiri za malire. Latsala ndi nkhoswe. Ena adzatsutsa kuti nkhoswe ndi wa cibale ndipo salipidwa ndi boma. Izi nzoona, koma mkulu wa ku Katete akauzidwa kuti mdzukulu wake wapatsidwa nkhoswe ya khoti kwa zaka ziwiri, adzadziwa nthawi yomweyo kuti pali munthu wokamuuza mwanayo akayambanso kuba, ndi kuti mlanduwo ukali wotseguka.