Fodya ndi Malo ku Fort Jameson, 1919 mpaka 1929

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, tawuni ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inali itazirala. Ulemu wokhala likulu la North-Eastern Rhodesia unali utaichokera mu 1911, amuna ambiri anali atangobwera ku ntchito ya mtengatenga ali olefuka, ndipo mliri wa fuluwenza unasiya maliro m'midzi. Chimene chinadzutsa tawuniyi ndi fodya.

Mu 1919 boma la Britain linatsitsa msonkho wa fodya wochokera m'maiko amene linkawalamulira, ndipo mu 1925 linautsitsanso. Azungu anathamangira kudzatsegula minda pa malo a kampani ya North Charterland Exploration, imene inali ndi masikweya mailosi 10,000 a dziko la Angoni, Achewa ndi Ansenga. Ankalima fodya wa mtundu wa Virginia, wowotcha m'zigafa za njerwa. Ntchito yake inali yakalavulagaga: kuthirira nazale m'chilimwe, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka masamba pa ndodo, kenako kuchezera usiku kusonkhezera moto kuti tsamba lipse mofanana. Wantchito ankalandira phoso la ufa ndi mchere, ndipo malipiro ankawaona tikiti ya masiku 30 ikadzaza, kapitawo atachonga tsiku ndi tsiku. Mabelo ankadzera ku Nyasaland mpaka ku Limbe, kumene ankakwera sitima kupita ku doko la Beira.

Ndalama zitayamba kuyenda, tawuni inasintha maonekedwe. Magalimoto anayamba kulowa m'malo mwa machila ndi amtengatenga. Masitolo a Amwenye ochokera ku Gujarat anachuluka, akugulitsa nsalu, mabulangete, makasu ndi sopo. Anyamata amene malipiro a m'minda ya fodya sanawakhutiritse ankayenda pansi kupita ku Walale, kudziko la Southern Rhodesia, ndipo obwerako ankafika ndi njinga kapena makina osokera. Ena sanabwererenso, n'kusanduka matchona, ndipo minda ndi ana zinatsalira amayi.

Mipingo nayo inakula m'zaka zomwezi. A Dutch Reformed, amene anayambira ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903, anafalitsa sukulu za m'midzi, ndipo Buku Lopatulika lathunthu, lotuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, linapatsa ophunzira chowerenga m'chinenero chawo. M'midzi ya Achewa aphunzitsi ankalimbana ndi akuluakulu a kudambwe pa nkhani ya nyau, aliyense akukokera anyamata mbali yake. Kwa Angoni a Mpezeni mwambo wa Nc'wala, umene unaima iwo atagonjetsedwa mu 1898, unali usanabwerere. Unadzayambiranso mu 1980.

Mtengo waukulu wa chitukukochi unalipiridwa ndi malo. Mu 1924, chaka chimene ulamuliro unachoka m'manja mwa British South Africa Company kupita ku boma la Britain, bungwe lofufuza linayamba ntchito yodula malire a malo osungirako anthu akuda m'chigawo cha Fort Jameson. Midzi yathunthu inasamutsidwa pofuna kusungira nthaka yabwino azungu amene ankayembekezeka kubwera. Kumene anthu anawapanikizirako nthaka inaguga msanga, zitsime zinaperewera, ndipo kumene anachokako kunamera tchire lomwe linaitana nyama ndi kashembe. Kumeneku kunali kulakwira anthu kwakukulu, chifukwa ambiri mwa azungu oyembekezekawo sanabwere n'komwe.

Mu 1928 fodya anachuluka kuposa ogula ku Britain ndipo mitengo inagwa. Alimi ambiri achizungu anasiya minda ali ndi ngongole, zigafa zinatsala zopanda utsi, koma eni nthaka sanaloledwe kubwerera. Panapita zaka zoposa khumi, mpaka mu 1941, kuti boma ligule malo a North Charterland ndi kuyamba kubwezeretsapo anthu.