Mzimu wa Merit Sunasocere Khomo

Filimu yoyamba kundilanda tulo ndinaionera m'Ng'ombe, m'kanyumba ka mabuloko kotsekedwa mazenera ndi masaka. Pakhomo tinali kulipira K500 ya ndalama zakale. Ana tinali kukhala pansi kutsogolo, akuluakulu pa mabenci kumbuyo. Kaseti inali itatopa kale, nkhope za anthu zikugwedera ngati zili m'madzi. Dzina lake linali Living in Bondage.

Inapangidwa ku Nigeria mu 1992, m'cinenero ca Igbo, mau a Cingerezi akulembedwa pansi. Boma silinaikepo ndalama. Analipira ndi Kenneth Nnebue, munthu wamalonda, Chris Obi Rapu n'kuitsogolera, ndipo anaijambula ndi kamera ya vidiyo kuti igulitsidwe pa msika. Ambiri amati Nollywood inabadwira pamenepo. Kuno inafika patapita zaka, itakopedwa kambirimbiri.

Andy Okeke, amene anaseweredwa ndi Kenneth Okonkwo, watopa ndi umphawi. Mnzace Paul amulowetsa m'gulu la anthu okhwima, ndipo gululo lifuna mutu wa munthu amene iye amamukonda koposa. Andy ayesa kuwanamiza ndi mkazi wa m'misewu, Tina, koma zikanika. Apereka mkazi wace weniweni, Merit. Cuma cibwera. Merit nayenso abwera.

Kunena zoona, nchito ya kamera ndi yosauka. Mau amatayika, anthu amakambirana nthawi yaitali mpaka woonera ayamba kuyasamula. Koma amene analemba nkhaniyi anadziwa cinthu cimodzi cimene opanga mafilimu oopsa a ndalama zambiri amaiwala. Merit sanyamula mpeni, sathamangitsa munthu. Amangoonekera. Aonekera pa ukwati wa Andy ndi mkazi watsopano, Andy n'kugwa pansi anthu onse akuona. Kubwezera kwace ndi kumeneko: kukana kuiwalika. Pamapeto Andy wapenga, akudya za m'zinyalala mu Lagos, ndipo womutola ndi Tina uja, amene tsopano ndi wopemphera.

Kuonera filimu mokuwa sitinayambe ndife. Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba za anthu a m'migodi oonera mafilimu a makauboyi. Kauboyi aliyense anali kumucha Jack. Atsamunda anali kudula zigawo zimene anaopa kuti zingapotoze mitu ya anthu akuda, motero nkhani inali kufika yodukaduka, oonera n'kumalumikiza okha ndi pakamwa. Ifenso m'Ng'ombe tinali tero. Wodziwa kuwerenga Cingerezi anali kumasulira mofuula, ndipo pamene sanamve bwino anali kuikapo zace.

Kusiyana kwace nkwakuti Jack anali wakutali, wa pa kavalo. Andy tinaganiza kuti timamudziwa. Potuluka m'kanyumba kaja, maso anali kupita pa kantemba kamene kakula msanga, pa nyumba imene yafoleredwa malata atsopano. Sindinena kuti filimu ndiyo inabweretsa maganizo amenewa. Mau akuti kukhwima ndi akale, ndipo m'zaka za m'ma 1930 dziko lino linadzala kale ndi mphekesera za banyama, ogwira anthu kuti awacotse magazi. Filimu inangopatsa mantha athu nkhope ndi suti.

Mu March ndi April 2016 mantha aja anapeza mitembo yeniyeni. Ku George ndi makomboni oyandikana nayo kunapezeka anthu ophedwa, ena atacotsedwa mitima, makutu ndi ziwalo zobisika. Mphekesera inathamanga yakuti ziwalozo zili m'mafiriji a anthu a ku Rwanda eni mashopu. Pa 18 April anthu anayamba kuphwanya ndi kutola katundu ku Zingalume, George ndi Matero, cipwirikiti n'kufalikira m'makomboni ena. Mashopu opitirira 60 anaphwasulidwa. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo apolisi anati onsewo anali a Zambia. Mazana a alendo anathawira ku chalichi ca Katolika ca St Ignatius. Mu May apolisi anagwira anthu anayi pa mlandu wa kuphana kuja: asilikali awiri, wanchito wa ku gulu la nkhondo la m'mlengalenga, ndi sing'anga. Wa ku Rwanda panalibepo.

Kwathu kuno, bambo wina wa ku Rwanda amene amai anali kutengako shuga pa nkhongole anatseka shopu usiku, ndipo sitinamuone kwa masabata. Ine sindinaponye mwala. Koma mphekesera ya firiji ndinaimva pa basi ndipo ndinakaifotokoza kunyumba monga nkhani yotsimikizika, mau anga akukoma ngati a womasulira wa m'kanyumba ka masaka.

Mwezi watha ndinaioneranso filimuyi pa foni, magetsi atapita. Cimene cinandigwira tsopano si mwambo wa magazi uja. Ndi cakuti Merit adziwa amene anamupha, adziwa nyumba yace, ndipo pa zigawo zonse ziwiri sagogoda pa khomo la munthu wina. Nditatha ndinapita kukagula kandulo pa shopu ija. Mwini wace anabwerera kalekale, koma tsopano amagulitsira pa kazenera ka zitsulo, ndipo buku la nkhongole analileka.