Kuchokera pa mtima wa chule kufika pa makina oyeza magazi

Mu 1883, Sydney Ringer wa ku University College London ankaika mitima ya achule m'madzi amchere n'kumaona mmene ikugundira. Inkagunda nthawi yaitali modabwitsa. Atafufuza anapeza kuti womuthandiza ankatunga madziwo pampopi, ndipo madzi a mu London anali ndi kashiamu. Apa mpamene zinadziwika kuti mtima sugunda popanda kashiamu.

Komatu si kashiamu yense wa m'magazi amene amagwira ntchito. Pafupifupi theka ndiye amayenda momasuka, wotsalayo amakhala atakakamira makamaka ku puloteni ya albumin. Womasukayu, yemwe madokotala amati ionised calcium, ndi amene mtima ndi minofu zimadalira, koma kumuyeza payekha kunali kovuta. Mu 1934, Franklin McLean ndi Baird Hastings a ku Chicago anabwereranso kwa chule. Ankathira madzi a m'magazi a munthu pamtima wa chuleyo, mphamvu ya kagundidwe n'kuwauza kuchuluka kwa kashiamu. Zinali zanzeru ndithu, koma sizikanapulumutsa wodwala wokomoka pakati pa usiku.

Makina anadzera njira ina. Poliyo atavuta ku Copenhagen mu 1952, Poul Astrup anayeza asidi wa m'magazi a odwala, zomwe zinaonetsa kuti mpweya woipa wa carbon dioxide unkawaunjikana m'thupi. Ntchitoyi inamugwirizanitsa ndi kampani ya Radiometer, yomwe mu 1973 inatulutsa ABL1, makina oyeza mipweya ya m'magazi odziyendetsa okha. Pakatipo, mu 1967, James Ross wa ku Orion Research anali atapanga kachipangizo kozindikira kashiamu womasuka yekha. M'zaka za m'ma 1980 ziwirizi zinakumana m'makina amodzi.

Lero magazi ochepa chabe amapereka yankho pamphindi zowerengeka, ndipo kashiamu womasuka wa munthu wamkulu wathanzi amakhala pa 1.15 mpaka 1.30 mmol/L kapena pafupi pamenepo. Kwa wodwala amene walandira magazi ambiri, nambalayi ndi moyo, chifukwa citrate wa m'matumba a magazi amagwira kashiamu, mtima n'kuyamba kufooka.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti yankholi limawonongeka mosavuta. Mpweya ukatsala m'sirinji, carbon dioxide amathawa, asidi amachepa, kashiamu amakakamira ku albumin, nambala n'kutsika monama. Heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, akachuluka, chimodzimodzi. Inu anamwino ndi a mu labotale, tulutsani mpweya m'sirinjimo, mutseke, ndipo magaziwo afike pamakina mwachangu.