Za Ochita Masewero m'Malokeshoni a Lilongwe

Mphunzitsi ali yense amene adzagwira choko m'sukulu za ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo sadzalephera kupeza m'kalasi mwake mwana mmodzi wodziwa kutsanzira anthu. Mwana wotere amayenda monga ayendera mkulu wa sukulu, nalankhula monga alankhulira kondakitala wa minibasi, kufikira anzake onse atagwa ndi phwete. Tsiku lina mwanayo adzafunsa ngati luso lakelo lingathe kumdyetsa atakula, ndipo kholo lake lidzabwera kudzafunsa ngati kumeneku si kutaya nthawi chabe. Funso limeneli si la lero ai. Lakhala likufunsidwa m'Malawi kwa zaka zoposa 50, ndipo alipo anthu amene adaliyesa ndi moyo wao womwe.

Makolo akale a m'dera la Lilongwe adali nao masewero ao ngakhale kudalibe nsanja kapena chitseko cholipirirapo. Wokamba nthano madzulo ankasintha mau ake, pena kukhala Kalulu, pena kukhala Fisi, ndipo omvera ankamthandiza pakuvomera. Koposa zonse kudali Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. M'gule ameneyu muli kutsanzira kozama ndithu, pakuti zilombo zina, monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, zidabadwa pakuyang'anitsitsa alendo amene adafika m'dziko ndi miyambo yao. Koma pali chinthu chimodzi chimene chisiyanitsa gule ndi ntchito ya masewero ya masiku ano. Pa bwalo la gule dzina la munthu silitchulidwa, chifukwa mwambo unena kuti chimene chavina ndi chilombo. Anthu akakondwa amasupa, koma palibe amene ankayembekeza kulera ana ake ndi ndalama zosupidwa. Chakudya chinkachokera kumunda. Tsono maganizo akuti munthu atchuke ndi dzina lake, nalandire malipiro chifukwa cha kusewera, adali achilendo pakati pa Achewa, ndipo nchifukwa chake makolo ambiri adachedwa kuwalandira.

Malokeshoni adakula pamene boma lidasamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Pa kalembera wa 1966 tauniyi idali ndi anthu osakwana 20,000, koma pofika 1977 adayandikira 100,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Kawale ndi Biwi adakula pafupi ndi tauni yakale, Area 23 idadzaza ndi anthu omanga okha nyumba zao, Area 25 ndi Mgona zidakulira m'mbali mwa mafakitale a ku Kanengo, ndipo Chinsapo adatambalala chakumadzulo, njira ya ku Likuni. Okonza mzindawo adaganizira za maofesi a boma, misewu ndi misika, koma m'malokeshoni onsewa simudamangidwe nyumba ya masewero. Kuyambira pachiyambi wochita sewero wa kumeneko adali wobwereka: kalasi ya sukulu, holo ya mpingo, kapena pansi pa mtengo.

Sukulu yoyamba ya masewero kwa anthu a m'malokeshoni idali wailesi. Nyumba ya mphepo ya MBC, imene idayamba m'chaka cha 1964, inkaulutsa Kapalepale, sewero la m'Chichewa lotsogozedwa ndi Smart Likhaya Mbewe, ndiponso Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Nyumba imene idali ndi wailesi inkadzaza anansi pa ora la sewero, ndipo m'mawa mwake ana ankabwereza zonse panjira ya kusukulu. Apa ndi pamene anthu adaona koyamba kuti munthu angadziwike dziko lonse ndi mau ake okha. Komabe masewerowa ankajambulidwa ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 300, kotero kuti mnyamata wa ku Kawale, ngakhale akhale waluso chotani, gawo lake lidali lomvera basi.

Khomo lachiwiri lidatseguka m'chaka cha 1969, pamene bungwe la aphunzitsi a Chingerezi lotchedwa ATEM lidayambitsa mpikisano wa masewero m'sukulu za sekondale. Mpikisano umenewu udaula akatswiri ambiri, ndipo ulemu wake suyenera kuchepetsedwa. Koma cholinga chake chidali kuphunzitsa Chingerezi, ndipo masiku amenewo ana osankhidwa kupita ku sekondale adali owerengeka. Mwana amene adalekezera Sitandade 8, amene mwina ndiye ankadziwa bwino kuseketsa ndi kuliza anthu m'chilankhulo cha amake, adatsala kunja kwa mpanda. Ku Chancellor College nako kudabadwa gulu loyendayenda la Travelling Theatre, limene poyamba linkasewera m'Chingerezi, ndipo m'chaka cha 1976 James Gibbs adasonkhanitsa masewero asanu ndi anai m'buku la Nine Malawian Plays. Kudali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pamene Chris Kamlongera ndi David Kerr adatembenuzira gululi ku Chichewa ndi ku midzi, kuyambira ku Mbalachanda m'chaka cha 1981, nayamba kupanga masewero pamodzi ndi eni mudzi pa nkhani za umoyo ndi chitukuko. Njira imeneyi idadzakhala mpamba wa achinyamata ambiri a m'malokeshoni patapita zaka.

Pamwamba pa zonsezi padali lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa anthu. Sewero liri lonse loonetsedwa poyera linkayenera kulembedwa ndi kutumizidwa ku bungwe lounika, ndipo bungwelo likafuna linkadula mizere kapena kukaniza sewero lonse. Kwa gulu losauka limeneli lidali vuto la pawiri, pakuti masewero ambiri a m'Chichewa sankalembedwa mau ndi mau. Osewera ankagwirizana mutu wa nkhani, zotsalazo nkumazipeka ali pa nsanja pomwepo. Mau amodzi otuluka molakwika akadatha kumveka ngati kunyoza boma. Mantha ake sadali opanda pake: mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Nchifukwa chake osewera a nthawi imeneyo adaphunzira kulankhula mophiphiritsa, ndipo ambiri adangokhazikika pa nkhani za m'banja, za apongozi, za chuma cha masiye ndi za mowa.

Munthu amene adalimba mtima kunena kuti sewero ndi ntchito monga ntchito ina iri yonse ndiye Dunduzu Chisiza wamng'ono, wodziwika ndi dzina loti Du. Iye adabadwa m'chaka cha 1963, atate ake, wandale wotchuka uja, atafa kale pa ngozi ya galimoto m'chaka cha 1962. Adayamba kuonekera pa mpikisano wa ATEM ali pa sukulu ya HHI ku Blantyre ndi sewero lake la The Deceased's Attack, napita kukaphunzira za masewero ku Philadelphia m'dziko la America, ndipo atabwera adakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987. Limeneli ndilo limawerengedwa gulu loyamba m'Malawi la anthu ofuna kudya za masewero okha. Du adalemba masewero oposa 20, ena mwa iwo, monga Papa's Empire, okhudza ulamuliro wa masiku amenewo mochenjera.

Kuti kulimba mtima kwa Du kumveke bwino, nkofunika kuona m'mene ndalama ya sewero imayendera. Gulu limayeserera masabata ambiri popanda cholowa, pamene osewera akudya ndi kukwera basi tsiku ndi tsiku. Tsiku loonetsa lisanafike mwini holo afuna zake, wosindikiza mapepala olengezera afuna zake, mwini galimoto yonyamula anthu ndi katundu afunanso zake, ndipo onsewa amalipidwa ngakhale mvula igwe, magetsi azime, kapena m'lokeshoni mugwe maliro. Ndalama ya pakhomo ikawerengedwa usiku, osewera ndiwo omaliza kugawana, ndipo nthawi zina chogawana sichikhalapo. Komanso m'dziko la mizinda yowerengeka sewero limodzi silingaonetsedwe nthawi yaitali pa malo amodzi monga achitira ku London. Likaonetsedwa ku Blantyre, ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, oonera atha, ndipo pafunika lina latsopano. Ichi ndicho chidachititsa kuti Du azilemba mosapuma. Mtengo wa pakhomo nawo uli ndi msampha wake: ukakwera, anthu a ku Mgona ndi ku Chinsapo salowa, ukatsika, holo idzaza koma ngongole itsala.

M'chaka cha 1993 Du adalowa ndale nakhala nduna ya achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma la Dr. Banda, chinthu chimene chidadabwitsa ambiri mwa omtsatira. Adamwalira m'chaka cha 1999 asanakwanitse zaka 36. Gertrude Kamkwatira, amene adasewera naye zaka zambiri, adatsogolera Wakhumbata kwa kanthawi, kenaka nayambitsa gulu lake la Wanna-Do, ndipo iyenso adamwalira m'chaka cha 2006. Pamenepa padaoneka kufooka kwa magulu a masewero m'Malawi, kuti amaima pa munthu mmodzi amene ali mlembi, mtsogoleri, msungichuma ndi katswiri nthawi imodzi, ndipo mzati umenewo ukagwa denga silikhalitsa. Za Kamkwatira pali chinanso choyenera kukumbukira. Mkazi wokwera pa nsanja masiku amenewo ankanenedwa zambiri, chifukwa cha maulendo a usiku ndi chifukwa anthu ena sankasiyanitsa khalidwe la m'sewero ndi khalidwe la mwini wake. Wosewera ngati mkazi wa chiwerewere Loweruka ankalozedwa chala kutchalitchi Lamulungu.

Gulu limene lidafika pa mtima wa anthu a m'malokeshoni koposa ndilo Kwathu, limene lidayamba ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nasewera m'Chichewa. M'gulu limeneli mudatchuka John Nyanga ndi Eric Mabedi, odziwika kuti Izeki ndi Jakobo, amene nthabwala zao ana a m'misewu ya Lilongwe ankazidziwa pamtima. Nyanga adamwalira mu 2016 ndipo Mabedi mu 2021. Kwathu idakhalitsa kuposa magulu a Chingerezi, ndipo chifukwa chake sichobisika: idalankhula chilankhulo cha anthu ochuluka.

Ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1993 ndi 1994, pakamwa padamasuka, ndipo kudabwera bwana watsopano, ndiye mabungwe a chitukuko. Mliri wa Edzi utafika poipa, mabungwewa adafuna anthu okafalitsa uthenga m'misika ndi m'mabwalo a sukulu, ndipo magulu a achinyamata adaphuka m'malokeshoni monga bowa wa m'dzinja. Kwa nthawi yoyamba mnyamata wa ku Area 23 adalandira ndalama m'manja chifukwa cha sewero, osadikira za pakhomo. Pa wailesi padabwera Zimachitika, sewero la bungwe la Story Workshop loyamba mu 1997, ndiponso Tikuferanji, m'mene Michael Usi adatchuka ndi dzina la Manganya ali wogwira ntchito ku bungwe la ADRA. Mu 2024 iyeyu adafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Koma ndalama ya mabungwe idali ndi mtengo wake. Mutu wa sewero unkasankhidwa ndi wolipira, mathero ake ankadziwika lisanayambe, ndipo ntchito ya bungwe ikatha gulu linkabalalika. Choipa china nchakuti anthu adazolowera kuonera ulere, kotero kuti kuwauzanso kuti alipire pakhomo kudakhala kovuta.

Wailesi ya kanema ya Television Malawi idayamba mu 1999, ndipo m'zaka zotsatira tinyumba toonetsera mavidiyo tidadzaza m'malokeshoni, m'mene mwana ankaonera mafilimu a ku Nigeria ndi a nkhondo pa ndalama yochepa. Osewera a kuno nawo adayamba kujambula masewero ao pa zimbale, koma chimbale chikatuluka lero, mawa lake chinkapezeka chitakopedwa pa msika, mwini wake osalandirapo kanthu, ngakhale bungwe la COSOMA loteteza eni luso lidalipo kuyambira 1992. Ndipo nyumba imene idasunga masewero zaka zambiri, French Cultural Centre ya ku Blantyre, idatsekedwa mu 2011.

Komabe m'nyengo yomweyi Lilongwe adaleka kukhala womvera chabe. Joyce Mhango Chavula adakhazikitsa gulu la Rising Choreos mu mzindawu, nasewera m'filimu ya Shemu Joyah yotchedwa The Last Fishing Boat, ndipo filimu yake ya iye mwini, imene adaitcha Lilongwe, idapambana mphotho ya Africa Magic ku Nigeria mu 2016 monga filimu yoposa zonse za kumwera kwa Africa. Mu 2019 filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa ku Kasungu ndi Chiwetel Ejiofor, idaonetsa Lily Banda ku maiko onse, ngakhale gawo la mnyamata mwini nkhani lidapatsidwa kwa Maxwell Simba wa ku Kenya. Kwa ana a sukulu kudabweranso chikondwerero cha NASFEST, chokonzedwa ndi bungwe la achinyamata la mu Lilongwe momwemo.

Masiku ano wachinyamata wa ku Mgona safunanso holo kuti aonekere. Foni ya m'manja imamkwanira kujambula kasewero nkukaika pa Facebook kapena pa YouTube, ndipo abale a ku Johannesburg amakaona tsiku lomwelo. Koma oonera ochuluka sasanduka ufa m'nyumba mwa iwo okha, ndipo osewera ambiri amadalira kulengeza malonda, kutsogolera maukwati ndi zinkhoswe, kapena ntchito ina ya masana, imene kwa ena mwa iwo ndiyo uphunzitsi. Pa sukulu za pulaimale sewero lidapeza malo m'phunziro la Expressive Arts, ndipo ena mwa aphunzitsi ake amasulidwa pa koleji ya Lilongwe, imene iri mu Area 25, pafupi ndithu ndi Mgona.