Njira ya Amtengatenga: Mbiri ya Maulendo Okwera Mapiri Kuchokera ku Nkhotakota

Mawu akuti bwinja amatanthauza malo amene kale panali mudzi koma eni ake anasamukapo, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti bwinja la Achewa silikhala ndi makoma oti munthu nkuwaonera patali. Limadziwika ndi mapale amene khasu limafukula polima, mphero yosiyidwa patsinde pa mtengo, mpanda wa nkhadze umene unakula mpaka kusanduka thengo, ndiponso msitu wa manda umene palibe angayerekeze kudulamo mtengo. Popeza makolo ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, zimene chiswe ndi mvula zimatha m'zaka zowerengeka, mlendo akhoza kuponda pakati pa mudzi wa mfumu yaikulu osazindikira kanthu, pokhapokha atakhala ndi munthu wa komweko womulozera kuti pano panali bwalo, apo panali khomo la linga.

M'maiko ena ulendo woyenda pansi masiku angapo m'mapiri kukaona mabwinja unasanduka malonda aakulu, ndipo wotchuka kwambiri ndi wa ku Peru, kumene alendo amayenda masiku anayi panjira ya makilomita pafupifupi 43 imene anailambula anthu a mtundu wa Inca, nadutsa pampata wa phiri wokwera mamita oposa 4,200 kuchokera pamulingo wa nyanja yamchere, asanafike kumzinda wamiyala wa Machu Picchu, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1400 ndipo unamveka kunja Hiram Bingham atafikako mu 1911. Boma la dzikolo sililola munthu kuyenda panjirayo popanda womutsogolera wovomerezeka, ndipo limalola anthu 500 okha kuyamba ulendowo patsiku, kuwerengera pamodzi ndi onyamula katundu. Malawi alibe mzinda wamiyala wotero. Chimene ali nacho ndi njira yakale yoyambira pagombe la nyanja ku Nkhotakota nkukwera chakumadzulo kulowera ku Kasungu, ndipo ntchito ya otsogolera alendo ndi onyamula katundu m'dziko muno ili ndi mizu yake panjira zonga imeneyi.

Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamulingo wa nyanja yamchere, pamene dera la Kasungu lili pa mamita oposa 1,000, ndipo pakati pake pali zitunda ndi zigwembe zimene mitsinje monga Bua ndi Kaombe inazigumula potsikira kunyanja. Malo okwera kwambiri m'zitundazi ndi phiri la Chipata, lopitirira mamita 1,600, limene nsonga yake ili ndi nkhalango yobiriwira chaka chonse pamene mitengo ya mombo ya m'munsi mwake imayoyola masamba m'chilimwe. Owerenga asalisokoneze phirili ndi mzinda wa Chipata wa ku Zambia. Kufanana kuli padzina pokha. Chakummwera kuli phiri la Ntchisi, nalonso lokhala ndi nkhalango yowirira pamwamba.

Njirayi inatchuka cha m'ma 1840, pamene Salim bin Abdallah, wamalonda wachiswahili wochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, anakhazikika ku Nkhotakota m'dziko la mafumu a Achewa monga Malengachanzi, natenga dzina la udindo lakuti Jumbe limene omulowa m'malo anapitiriza kuligwiritsa ntchito. Dzina lakuti Linga, limene anthu amatchulira mbali yakale ya tawuniyi mpaka lero, limakumbutsa mpanda wa mitengo umene midzi ya nthawi imeneyo inkamanga podziteteza kwa adani. Malowa anamukomera Jumbe chifukwa cha doko lotetezeka ku mwera, kumene zombo zamatanga, zimene Aswahili amazitcha dau, zinkakocheza ndi kunyamuka kuwolokera kutsidya la kum'mawa, komwe ulendo wapansi unkapitirira mpaka ku Kilwa. Mpunga umene Nkhotakota imatchuka nawo unafala m'nthawi yomweyi, popeza anthu a Jumbe ankaufuna kuti adyetse tawuni imene inkakula komanso apaulendo.

Chokwera chitunda chinali nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Chotsika chinali minyanga ya njovu, mkuwa wochokera ku Katanga, ndi anthu ogwidwa ukapolo, amene ena mwa iwo ankayenda atamangidwa goli, mtengo wa mphanda wokolekedwa m'khosi. Njirayo inkadutsa kwa Mwase ku Kasungu, nkupitirira kuchigwa cha Luangwa, m'dziko la Abisa, mpaka kwa Kazembe kufupi ndi mtsinje wa Luapula. Ulendo wotere unali ndi dongosolo lake. Patsogolo pankakhala munthu wodziwa njira, amene Aswahili ankamutcha kirangozi, ndipo ntchito yake inali kudziwa pamene pali madzi m'chilimwe, pamene Bua amawolokeka, mudzi umene ungagulitse ufa ndi mfumu imene ingafune mphatso isanalole alendo kudutsa. Pambuyo pake pankabwera mzere wa onyamula katundu, aliyense ndi mtolo wake pankhata, ndipo ulendo unkayambika m'bandakucha kuti dzuwa likamatentha akhale atafika pamsasa, kutanthauza malo ogona apanjira omangidwa ndi nthambi ndi udzu. Wotsogolera akalakwitsa kuwerengera mtunda wa pakati pa madzi ndi madzi, amene ankayamba kufa anali omangidwa magoli aja, ndipo nkhani iliyonse yokometsera njirayi kwa alendo amakono imene ingalumphe mfundo imeneyi ikhala yonama.

David Livingstone anaona gombe la Nkhotakota koyamba mu 1861, ndipo anabweranso wapansi mu Seputembala 1863. Mbiri ya kumaloko imati anakambirana ndi Jumbe za kuleka malonda a akapolo patsinde pa mkuyu umene uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's, ngakhale kuti malondawo anapitirira kwa zaka zina makumi atatu. Chimene sichikambidwa kawirikawiri nchakuti atachoka patsinde pamtengopo anakwera njira yomweyi ya akapolo kulowera kumadzulo, ndipo zimene analemba za ulendowo ndi umboni wakale kwambiri wolembedwa wa mmene chikweza chimenechi chinalili. Anaona midzi yozunguliridwa ndi malinga chifukwa choopa Angoni, amene iye ankawatcha Mazitu. Anaona ng'anjo zambiri, zomwe ndi uvuni zadothi zazitali ngati munthu zosungunuliramo miyala ya chitsulo. Ndipo anaona kuti anyamata ake ena, obadwira kumatsiriro otentha a mtsinje wa Zambezi, anadwala atangofika pamwamba pa chitunda pamene mpweya ndi wozizira ndi wouma. Anadutsa kwa Mwase napitirira pang'ono, kenaka anabwerera, popeza boma la Britain linali litamuitanitsa ndipo anayenera kutsitsa sitima yake mu Shire madzi akadzaza. Iye yemweyo ndiye anafalitsa chiwerengero chimene anachimva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, chakuti akapolo pafupifupi 19,000 ochokera m'dera la nyanjayi ankadutsa pachilumbacho chaka chilichonse.

Mabwinja a pamwamba pa mapiri a m'chigawo chapakati ambiri ndi a nthawi yomweyi ya mantha. Angoni atawoloka Zambezi mu 1835 ndi kudzakhazikika pambuyo pake m'madera monga Dowa, Achewa ambiri anasiya minda ya m'zigwa nathawira kumalo ovuta kufikako, ndipo phiri la Ntchisi limakumbukika ngati limodzi mwa malo obisalako amenewa. Ena anathawira kunyanja nadzipereka kwa Jumbe chifukwa anali ndi mfuti, ndipo apa pali chinthu chowawa m'mbiriyi: munthu yemweyo amene ankagula anthu ndiye analinso pothawira pa anthu. Ku Kasungu, m'nkhalango imene tsopano ndi malo osungirako nyama zakutchire, mukadali ng'anjo zakale, zojambula za pamiyala ndi zizindikiro za midzi ya malinga.

Ulamuliro wa a Jumbe unatha msanga Angerezi atafika. Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, mu 1889, ndipo Jumbe ameneyu atamwalira mu 1894 womulowa m'malo sanakhalitse, popeza anachotsedwa pampando natumizidwa ku Zanzibar. Mishoni ya Anglican ya UMCA inatsegulidwa ku Nkhotakota mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, anaikidwa m'manda komweko. Kumapeto kwa chaka chomwecho cha 1895 Alfred Swann, woimira boma la Britain ku Nkhotakota, pamodzi ndi Edward Alston, anakwera njira ija ndi asilikali kukathira nkhondo Mwase Kasungu, ndipo atamugonjetsa anamanga linga lawo limene analitcha Fort Alston.

Ukapolo unatha koma kusenza sikunathe. Dziko lopanda misewu ndi njanji linkayenda pamitu ya anthu, ndipo m'nthawi imeneyi ndi mmene mawu akuti mtengatenga anafala, kutanthauza munthu wolembedwa kapena wokakamizidwa kunyamula katundu wa boma, wa makampani kapena wa amishoni. Bwanamkubwa wa boma, amene anthu ankamutcha DC, akamapita kukatolera msonkho wa nyumba ndi kuweruza milandu m'midzi ankayenda milungu ingapo ndi matenti, wophika, amesenjala ndi mzere wa amtengatenga, nthawi zina iye mwini ali m'machila, nsalu yomangidwa kumtengo wautali imene anyamata ankasinthana kunyamula akuthamanga ndi kuimba. Azungu a ku Nyasaland anatengera mawu akuti ulendo m'chiyankhulo chawo potchula kuyendera kotereku. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, Amalawi pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Munthu akayang'anitsitsa ulendo wa alendo okwera mapiri wa masiku ano, wokhala ndi wotsogolera patsogolo, onyamula zikwama, wophika ndi malo ogona ochita kukonzeratu, aona kuti dongosolo lake ndi lomwe lija la bwana DC, kungoti tsopano wonyamula amapita mwa kufuna kwake ndipo amakambirana za malipiro.

Kukwera phiri mongosangalala kunakhazikika kummwera, ku Mulanje, kumene bungwe la okwera mapiri linayambika mu 1952 ndipo tinyumba togona tomangidwa ndi matabwa a mkungudza timalola munthu kuyenda masiku angapo kuchoka pa Likhubula mpaka kukafika pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Kumeneko otsogolera ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo ndi mitengo yodziwika, ndipo mu 2025 UNESCO inaika phirilo pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ozungulira. Kumpoto, ulendo wa masiku atatu wochoka ku Chelinda paphiri la Nyika kutsikira ku Livingstonia umayendedwa ndi mlonda wa nkhalango. Ku Dedza, zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene zinalowa pamndandanda womwewo mu 2006 ndipo zili pamalo 127, zimaonetsa bwino kufunika kwa womasulira, popeza zofiira zimagwirizanitsidwa ndi Akafula, alenje amene Achewa anawapeza, pamene zoyera nza Achewa eni ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau, zinthu zimene mlendo sangazimvetse pongoyang'ana pathanthwe.

Ku Nkhotakota mbali yaikulu ya zitunda zija ili m'nkhalango yotetezedwa ya masikweya kilomita 1,800 kukula kwake, imene inapatulidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dera limeneli linakhalira lovuta kwa anthu ndi ng'ombe zomwe. Njovu, zimene kale zinkakwana 1,500, zinatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozembera, mpaka mu 2015 pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Nchodabwitsa pang'ono kuti njira imene inatchuka ndi kutsitsa minyanga kunka kunyanja inadzaona njovu zamoyo zikukwera pamagalimoto. Munthu saloledwa kuyenda pansi m'nkhalangomo popanda mlonda wonyamula mfuti, ndipo maulendo amene alipo, monga kutsata mtsinje wa Bua kumene mpasa umakwera kukaswana, kapena kukwera phiri la Chipata, amakonzedwa poganizira nyama, mbalame ndi mitengo. Mbiri ya anthu amene anadutsa m'zitundazi imangotchulidwa mwapatalipatali.

Kugombe zinthu zooneka zilipo: mkuyu uja, malo a mzikiti wakale wa Jumbe, manda a a Jumbe ndi nduna zawo, ndi tchalitchi cha All Saints. Mu 2011 boma la Malawi linapereka ku UNESCO maina a njira za akapolo ndi za Livingstone, Nkhotakota ili m'gulumo, kuti ziganiziridwe ngati chuma cha dziko lonse. Koma zonsezi zili kumatsiriro kwa njira, ndipo mlendo amaziona m'maola awiri nkubwerera pagalimoto, pamene chikweza chenicheni, chimene msewu wa M18 wopita ku Kasungu umachidutsa m'maola ochepa, chikudikirabe anthu oti achiyende pansi ndi kulemba pamene panali misasa, madooko ndi malinga. Ntchito imeneyi siifuna ndalama zambiri ngati kumanga hotela. Imafuna kuti a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, oyang'anira nkhalango ndi mafumu a Nkhotakota, Ntchisi ndi Kasungu akhale pansi ndi nkhalamba zimene zikudziwabe maina a zitunda ndi mabwinja, ndipo ayambe pamene nkhalambazo zikadali moyo.