Kalembedwe ka Cinyanja kanafala ndi kukopera

Mphunzitsi wa ku Angónia kapena ku Lago akasonkhanitsa makope a ana a kalasi yacitatu, si zacilendo kupeza liwu limodzi litalembedwa mitundu iwiri. Wina walemba cakudya, mnzake chakudya. Wina nyumba, wina nhumba. Wina mwana, wina muana. Anawo amalankhula mofanana, ndipo akauzidwa kuti awerenge mokweza zimene alemba, onse amachula bwino. Kusiyanaku sikunayambire m'kalasimo. Mwana aliyense walemba zimene anaona pena pake, ndipo njira iliyonse mwa njirazi ili ndi mbiri yake. Mbiriyo ikuonetsa kuti kalembedwe ka Cinyanja kanafala makamaka cifukwa anthu ankakopera zolemba za anzawo. Malamulo ankabwera pambuyo, ndipo ankagwira nchito pokhapokha akalowa m'mabuku amene anthu amawaona tsiku ndi tsiku.

Limodzi mwa mabuku oyambirira otanthauzira mawu a Cinyanja silinalembedwere kunyanja. Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene ankakhala pafupi ndi Mombasa, anasonkhanitsa mawu kucokera kwa Salimini, munthu amene anagwidwa ukapolo kudziko la Acewa. Bukulo linasindikizidwa mu 1877, ndipo cinenerocho analicha Kiniassa. Linali ndi mawu ambiri, koma kalembedwe kake sikanapite patali. Linalembedwera amishonale, ndipo panalibe ana a sukulu amene ankakopera masamba ake.

Zinthu zinasintha pamene mishoni zinakhazikika pafupi ndi eni ake a cinenero. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ya Anglican pa cilumba ca Likoma mu 1885, ndipo ya Dutch Reformed ku Mvera mu 1889. Kaphunzitsidwe kake kanali kofanana konse. Mphunzitsi ankalemba pabolodi, ana n'kukopera pa masileti. Mwana wodziwa bwino ankatumizidwa kukaphunzitsa kusukulu ya kumudzi, ndipo kumeneko ankalemba monga mmene anaonera aphunzitsi ake akulembera. Mishoni iliyonse inkasindikiza timabuku take, motsatira kalankhulidwe ka anthu oizungulira. Ku Blantyre, David Clement Scott anatulutsa buku lotanthauzira mawu a Cimang'anja mu 1892. Kugombe la kum'mawa kwa nyanja, kumene lero ndi cigawo ca Niassa, William Percival Johnson ankayendera midzi pa sitima, ndipo masukulu a ku Messumba ndi midzi yoyandikana nayo ankawerenga Cinyanja ca kunyanja monga cinkalembedwera ku Likoma. Motero kalata ya munthu inkatha kuulula mishoni imene iye anaphunzirako.

Mu 1900 mishoni zingapo zinagwirizana zomasulira Baibulo limodzi loti Amang'anja ndi Acewa onse azilimva. Nchitoyi anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Cipangano Catsopano cinatuluka mu 1907, ndipo Baibulo lonse, Buku Lopatulika, mu 1922. Kwa zaka zambiri m'bukuli munali c m'mawu monga cifukwa, ch m'mawu monga nchito, komanso wace ndi wamkuru pamene ambiri lero amalemba wake ndi wamkulu. M'nyumba zambiri, Baibulo ndi buku la nyimbo ndiwo anali mabuku okha. Munthu ankaona masamba omwewo Lamlungu lililonse kwa zaka zambiri, mpaka dzanja lake n'kuzolowera. Ngakhale anthu amene pakamwa ankati wake, papepala ankalemba wace, poti ndi mmene Cinyanja colembedwa cinkaonekera m'maso mwawo.

Sizinali zilembo zokha zimene ankatengera. Kamangidwe ka ziganizo nako kanayenda. Ziganizo zotsatizana zoyamba ndi Ndipo kapena Pakuti zinalowa m'makalata, m'mabuku a misonkhano ya mpingo ndi m'nkhani zimene ana ankalemba kusukulu. Olemba mabuku oyambirira anakulira m'masukulu omwewo. Samuel Ntara, amene buku lake Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Mabuku ngati limeneli anakhala citsanzo catsopano kwa ana a sukulu amene anawawerenga.

Makalata a anthu opita kukagwira nchito ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Joni anafalitsa kalembedwe m'njira inanso. Wosadziwa kulemba ankapempha mnzake wophunzira kuti amulembere, ndipo kumudzi kalatayo inkawerengedwa mokweza pamaso pa abale. Woyankha ankatsata mmene kalata yoyambayo inayendera: moni kaye, kenako kufunsa za moyo wa onse, kenako kunena kuti kuno tili bwino, kaya inu kumeneko, ndiyeno nkhani yeniyeni pamapeto. Palibe bungwe limene linakhazikitsa dongosolo limeneli. Kalata iliyonse inkaphunzitsa wolemba kalata yotsatira.

Mbali ya Moçambique inali ndi mbiri yakeyake. Pangano la 1940 la boma la Portugal ndi Vatican, pamodzi ndi lamulo la mishoni la 1941, zinaika maphunziro a ana aciafirika m'manja mwa mishoni za Cikatolika. Maphunziro ankacitika m'Cipwitikizi, ndipo zinenero za anthu zinkaloledwa pophunzitsa za cipembedzo. Conco Cinyanja colembedwa cinapulumukira m'chalichi, m'katekisimu ndi m'mabuku a nyimbo. Munthu amene anaphunzira zilembo m'Cipwitikizi, akafuna kulemba cinenero cake, ankagwiritsa nchito zimene ankadziwa: nh m'malo mwa ny, u m'malo mwa w. Maina a malo akusungabe kalembedwe kameneka. Ulongwe amalembedwa Ulónguè, Domwe amalembedwa Dómuè, Kobwe amalembedwa Cóbuè. Mwana amene amaona zikwangwani zimenezi popita kusukulu akalemba muana, watsata citsanzo ceniceni cimene cili pamsewu.

Ku Malawi, mu 1968 cinenero cinasinthidwa dzina n'kukhala Chichewa, monga amalembera kumeneko, ndipo cinakhala cinenero ca dziko. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo ake a kalembedwe anatuluka mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Malamulowa anakhazikitsa ch ndi tch, motero chifukwa ndi ntchito. Apa lamulo linagwira, koma linagwira cifukwa linalowa m'mabuku a ana a pulayimale m'dziko lonse, m'mayeso ndi m'nyuzi monga Boma Lathu. Ngakhale zinali conco, acikulire ambiri anapitiriza kulemba c monga anazolowerera m'Baibulo lawo lakale. Zambia, m'malamulo ake a 1977, inasunga c.

Nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992 inathamangitsira ku Malawi anthu a ku Moçambique okwana pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anakakhala pakati pa abale awo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pobwerera anabwera ndi mabuku a nyimbo, Mabaibulo ndi kalembedwe kamene anazolowera kutsidyako. Ena mwa iwo lero ndi makolo ndi agogo a ana amene ali m'makalasi a zinenero ziwiri.

Pa nthawi yomweyo, Moçambique inkakonza kalembedwe kake. Gulu la NELIMO la ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane linacititsa msonkhano woyamba wogwirizanitsa kalembedwe ka zinenero za dziko mu 1988. Misonkhano ina inacitika mu 1999 ndi mu 2008. Colinga cinali cakuti liwu lomveka mofanana lilembedwe ndi cilembo cofanana m'zinenero zonse za dzikoli, ndipo pa Cinyanja anasankha c. Kuyambira mu 1993 mpaka 1997, nchito yoyesera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Cinyanja ndi Cipwitikizi ku Tete, komanso m'Xichangana ndi Cipwitikizi ku Gaza. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kulowa m'masukulu a boma.

Apa ndi pamene mbiriyi ikukhudza mphunzitsi wa lero. Kalembedwe kogwirizana ka Moçambique n'kacicepere poyerekeza ndi ena awiriwo, ndipo mabuku olembedwa mmenemo ngocepa. Mwana amaona ch m'buku la nyimbo la amayi ake ndi m'mauthenga a pafoni ya acimwene ake. Amaona nh pa zikwangwani ndi m'phunziro la Cipwitikizi. Koma c amamuona kwambiri m'kalasi basi. Ngati mphunzitsi yemweyo lero alemba caka pabolodi, mawa n'kulemba chaka, mwana alibe coti agwire.

Kungodula mzere wofiira pa liwu sikukwanira, cifukwa mwana amaganiza kuti zimene zili m'buku la amayi ake n'zolakwika, kapena kuti sukulu ndiyo yasokoneza. Zimathandiza mphunzitsi akamufunsa kumene anaona kalembedweko, n'kulemba njira zonse ziwiri pabolodi, n'kufotokoza kuti iyi ndi ya ku Malawi, iyi ndi ya Cipwitikizi, ndipo iyi ndi imene imagwiritsidwa nchito pasukulu pano. Mwana wotere adzatha kuwerenga buku la ku Lilongwe kapena la ku Chipata osadodoma, ndipo adzadziwa njira yoti atsate polemba mayeso.

Cacikulu n'kuculukitsa zolemba zoti ana aziona. Nthano zimene ana anena mphunzitsi n'kuzilemba, maina a zinthu omatidwa pakhoma, kalata yaifupi yopita kwa makolo, zonsezi zikalembedwa m'njira imodzi zimacita zimene sileti ndi buku la nyimbo zinkacita kale. Aphunzitsi a sukulu imodzi akamaonetsana zimene alemba asanazipereke kwa ana, mwana wocoka kalasi yaciwiri kupita yacitatu amapeza kalembedwe komwe anakasiya. Ena mwa ana amenewa adzakhala aphunzitsi, ndipo pabolodi adzalemba zimene akukopera m'makope awo caka cino.