Kodi matenda opinda masamba a mpesa anachokera kuti?

Funso: Mphesa zambiri zogulitsidwa mumzinda wa Tete zimachokera ku South Africa, komwe alimi amadandaula ndi matenda opinda masamba a mpesa. Kodi matendawa anayamba bwanji?

Yankho: Matendawa, otchedwa leafroll, amayamba ndi mavayirasi okhala m'timitsempha toyenda chakudya mumtengo. Pa mpesa wobereka mphesa zakuda, masamba amafiira n'kupindikira kunsi, koma mitsempha yake imatsala yobiriwira. Mphesa zimachedwa kupsa, shuga amachepa, ndipo vinyo wake sakoma.

Mavayirasiwa ndi akale ndithu, koma chimene chinawafalitsa kwambiri ndi kumezanitsa. M'zaka za m'ma 1860, kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kanalowa ku France kuchokera ku America n'kupululutsa minda. Ku Cape, ku South Africa, kanafika mu 1886. Alimi anapulumuka pomezanitsa mipesa yawo pa matsinde a mipesa ya ku America, imene mizu yake imapirira kachilomboko. Chomvetsa chisoni n'chakuti matsinde oterewa amatha kusunga vayirasi osaonetsa chizindikiro chilichonse. Mlimi ankatenga tsinde looneka labwinobwino, n'kulumikizapo nthambi yake, ndipo bala likangopola, matenda ankawolokera kumtunda. M'zaka za m'ma 1930, kafukufuku wa ku Germany ndiye anatsimikiza kuti matendawa amayendadi pomezanitsa.

Funso: Nanga mbande zikakhala zopanda matenda, vuto latha?

Yankho: Ayi. Pambuyo pake kunadziwika kuti tizilombo toyera ta mtundu wa kodikodi, achibale a kodikodi wa chinangwa uja, timayamwa madzi a mpesa wodwala n'kukapatsira wina. Mpesa ukadwala ulibe mankhwala. Pa munda wa Vergelegen ku Somerset West, ku South Africa, matendawa anachepetsedwa kwambiri pozula mpesa uliwonse wodwala, kupha kodikodi, ndi kubzala mbande zoyezedwa zokhazokha. Ndi ntchito yowawa komanso yodula, koma ndiyo inathandiza.

Funso: Kodi izi zimamukhudza mlimi wa ku Tete?

Yankho: Zimamukhudza, ngakhale mpesa sulimidwa kwenikweni m'chigwa chotentha cha Zambezi. Malalanje ndi mandimu ali ndi vayirasi yawoyawo, tristeza, imene imayendanso pomezanitsa komanso ndi nsabwe za m'masamba. Choncho womezanitsa zipatso ayenera kudula nthambi pa mtengo umene wauona ukubereka bwino kwa zaka zingapo, ndipo wogula mbande afunse kumene nthambizo zinatengedwa.